Makina a MRI: chifukwa chake zithunzi za ubongo zimasiyana

Dotolo akanena kuti wodwala akufunika kujambulidwa m'mutu ndi makina a MRI, abale ambiri amaganiza kuti makina onse a mtunduwu ndi amodzi, ndipo kulikonse komwe angapite chithunzi chituluka chofanana. Sizili choncho. Mutu umodzi ukajambulidwa tsiku limodzi pa makina awiri osiyana, chithunzi china chingathe kuonetsa kabala kochepa ngati njere ya mapira, chinacho osaonetsa kanthu pamalo omwewo. Chachikulu chomwe chimabweretsa kusiyanaku ndi mphamvu ya maginito a makinawo, yomwe muyezo wake ndi tesla.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu a mumzinda wa Blantyre. Boma la Blantyre lilibe chipatala chakechake chachikulu monga maboma ena, kotero mwana amene wakomoka ndi malungo ku Ndirande, bambo amene wafa ziwalo mwadzidzidzi ku Bangwe, kapena khanda lomwe mutu ukungokula ku Chilomoni, Zingwangwa kaya Machinjiri, onsewa zipatala zazing'ono zimawatumiza ku Queen Elizabeth Central, komwe ambiri amati ku Gulupu. Pachipatala chimenechi ndi pomwe padafikira makina oyamba a MRI m'dziko muno mu 2008, ndipo patapita zaka padafikanso makina ang'onoang'ono oyenda pamatayala. Zomwe zachitika pa Gulupu zikuonetsa kuti maginito amphamvu amatulutsadi chithunzi chooneka bwino, koma chithunzi chothandiza ndi chomwe chayankha funso la dotolo pa nthawi yomwe wodwala akufunika yankholo.

Momwe makinawa amaonera mkati mwa mutu

MRI sigwiritsa ntchito kuwala kwa X-ray monga amachitira makina a CT. Imadalira zinthu zitatu: maginito, mafunde a wailesi ndi madzi a m'thupi la munthu. Gawo lalikulu la ubongo ndi madzi, ndipo m'madzi muli haidirojeni. Pakatikati pa kanthu kalikonse ka haidirojeni pamakhala ngati kamaginito kosaoneka ndi maso. Munthu akalowa m'makina, timaginito tina timatembenuka n'kuloza komwe kwaloza maginito aakulu aja. Kenaka makina amatumiza mafunde a wailesi omwe amatipendeketsa, ndipo mafundewo akasiya timabwerera m'malo mwake kwinaku tikutulutsa uthenga wofooka kwambiri. Chipangizo chonga chipewa chomwe chimazinga mutu wa wodwala chimatola uthengawo, ndipo kompyuta imausandutsa chithunzi. Poti madzi a mumnofu wathanzi, a m'chotupa ndi a pamalo potupa amabwerera m'malo mwake pa liwiro losiyana, malo amenewa amaonekanso mosiyana. Maziko a luso limeneli adaikidwa ndi Paul Lauterbur wa ku America mu 1973 komanso Peter Mansfield wa ku Britain, ndipo awiriwa adalandira mphotho ya Nobel mu 2003.

Dzina loti tesla lidachokera kwa katswiri wa zamagetsi Nikola Tesla. Maginito a makina a 1.5 tesla amaposa mphamvu ya maginito a dziko lapansi, omwe amatembenuza muvi wa kampasi, pafupifupi ka 30,000. Kufunika kwa mphamvuyi kuli apa: timaginito ta haidirojeni tomwe timapereka uthenga n'tochepa zedi. Pa 1.5 tesla ndi pafupifupi 5 pa miliyoni iliyonse, pa 3 tesla pafupifupi 10, pomwe pa 0.064 tesla ndi kamodzi kokha pa mamiliyoni asanu. Maginito akakula, uthenga umakulanso.

Mafunde a wailesi omwe makina amagwiritsa ntchito nawonso amatsatira mphamvu ya maginito, pa mlingo wa 42.6 MHz pa tesla iliyonse. Makina a 0.064 tesla amagwira pa 2.7 MHz, a 0.35 tesla pa 15 MHz, a 1.5 tesla pa 64 MHz, ndipo a 3 tesla pa 128 MHz. Wailesi za FM zomwe timamvera kunyumba zili pakati pa 88 ndi 108 MHz. N'chifukwa chake chipinda cha makina aakulu amachikuta ndi mkuwa kapena chitsulo china mkati mwa makoma, kuti mafunde ochokera kunja asalowerere.

Magulu a makina

Makina a 0.064 tesla ndi ang'onoang'ono, amajambula mutu wokha, ndipo amakankhidwa kufika pabedi la wodwala. Odziwika kwambiri ndi a Swoop, opangidwa ndi kampani ya Hyperfine, omwe bungwe la FDA la ku America lidawavomereza mu 2020.

Makina a pakati pa 0.2 ndi 0.55 tesla ndi a mphamvu yochepa koma amajambula thupi lonse. Ambiri akale a gululi ndi otseguka m'mbali ndipo maginito awo ndi okhazikika, osalira kuziziritsa.

Makina a 1.5 tesla ndi omwe ali ochuluka m'zipatala padziko lonse. Maginito awo ndi waya wozengeza woyenda magetsi, womwe umasungidwa m'madzi a helium ozizira kufika madigiri 269 pansi pa ziro.

Makina a 3 tesla amapezeka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'malo a kafukufuku wa ubongo, monga ku Groote Schuur mumzinda wa Cape Town.

Makina a 7 tesla adavomerezedwa kujambulira odwala mu 2017, koma ndi ochepa. Kuposa pamenepa ndi a kafukufuku basi, monga a 11.7 tesla a ku France omwe zithunzi zawo zoyamba za ubongo wa munthu zidaonetsedwa mu 2024.

Zomwe akatswiri amayang'ana pachithunzi

Choyamba ndi kukula kwa uthenga pouyerekeza ndi msokonezo. Aliyense amene adamverapo wailesi kudera lakutali akudziwa momwe mawu a muulutsi amamirira m'kulira kwa wailesiyo. Pachithunzi cha MRI msokonezowu umaoneka ngati mchenga womwazika paliponse. Pa maginito amphamvu uthenga umaposa msokonezo kutali, ndipo chithunzi chimatuluka chosalala.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa zinthu zomwe zingaoneke. Kompyuta imagawa mutu m'timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kamakhala kadontho kamodzi pachithunzi. Pa 1.5 kapena 3 tesla kabokosi kangathe kukhala milimita imodzi mbali zonse. Pa makina a 0.064 tesla kabokosi kawirikawiri kamakhala mamilimita 1.5 m'litali, 1.5 m'lifupi ndi 5 kuchindikala, komwe ndi kukula koposa ka 11. Kabala kochepera kabokosiko kamasakanikirana ndi mnofu wozungulira n'kuzimirira.

Chachitatu ndi kusiyana kwa kuwala ndi kuda pakati pa zigawo za ubongo, makamaka chigawo chotuwa chakunja ndi chigawo choyera chamkati. Nthawi yomwe haidirojeni imatenga kuti ibwerere m'malo mwake imatalika maginito akamakula, kotero chigawo chimodzi sichiwala mofanana pa makina osiyana ngakhale wojambula atatsata njira imodzi.

Chachinayi ndi nthawi. Makina ofooka amatha kuwongola chithunzi potola uthenga mobwerezabwereza, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu kuti uthenga uwirikize kawiri poyerekeza ndi msokonezo, nthawi yojambula iyenera kuwirikiza kanayi. Wodwala amene akumva kupweteka kapena mwana wosakhazikika sangagone duu nthawi yonseyo, ndipo mutu ukangogwedezeka chithunzi chimachita chifunga, kaya makinawo akhale amphamvu motani.

Pali zinanso zomwe sizidalira tesla: ubwino wa chipewa chotolera uthenga, zaka zomwe makina agwira ntchito, mapulogalamu a kompyuta ndi luso la wojambula. Makina atsopano a mphamvu yochepa angathe kupambana makina akale amphamvu omwe sakusamalidwa.

Zomwe 0.35 tesla idaonetsa ku Blantyre

Makina omwe adatsegulidwa pa Gulupu mu June 2008 adali a GE Signa Ovation a 0.35 tesla. Adaperekedwa ndi kampani ya General Electric kudzera mu ubale wa chipatalachi ndi Michigan State University, komwe kumachokera Dr Terrie Taylor, yemwe wakhala akufufuza za malungo a muubongo ku Blantyre kuyambira m'ma 1980. Katswiri wa kuno kwathu wowerenga zithunzi, Dr Sam Kampondeni, adali patsogolo pa ntchitoyi. Poyerekeza ndi makina a m'zipatala za ku Ulaya ndi America pa nthawiyo, awa adali ofooka. Komabe adali ndi maubwino awiri oyenerana ndi kuno: maginito awo sankalira helium, ndipo poti adali otseguka m'mbali, anamwino ankatha kumuona ndi kumufikira mwana wokomoka ali m'makina.

Funso lomwe lidasowetsa mtendere madotolo kwa zaka zambiri lidali lakuti: n'chifukwa chiyani ana ena odwala malungo a muubongo amamwalira ngakhale alandire mankhwala oyenera, pomwe anzawo amatsitsimuka? Yankho lidatuluka mu March 2015 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, m'kafukufuku wotsogoleredwa ndi Dr Karl Seydel. Ana 168 omwe matenda awo adatsimikizika powaunika mkati mwa maso adajambulidwa ubongo. Mwa anawa, 25 adamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo udali wotupa kwambiri pachithunzi choyamba. Mwa ana 143 omwe adapulumuka, 39 okha ndi omwe adali ndi kutupa kotere, ndipo zithunzi zobwereza zidaonetsa kutupako kukuphwa. Ubongo ukatupa mkati mwa chigaza, chomwe sichitanuka, umapanikiza tsinde lake, pomwe pamayendetsedwa kapumidwe, ndipo mwana amasiya kupuma.

Kutupa kwa ubongo wonse ndi chinthu chachikulu: timipata ta madzi tozungulira ubongo timatsekeka, makwinya a ubongo amafafanizika. Zoterezi sizilira timabokosi ta milimita imodzi kuti zioneke. Makina a 0.35 tesla adakwanira pa funsolo, ndipo zomwe adaonetsa zidatsegula njira ya kafukufuku wina pa Gulupu pomwepo woyesa njira zopulumutsira ana otupa ubongo, monga kuwathandiza kupuma ndi makina mpaka kutupako kutaphwa.

Makina omwewa adagwiranso ntchito ina yofunika poyerekeza zithunzi. Mu 2013 mudatuluka zotsatira za kafukufuku wojambula ana 96 a zaka 9 mpaka 14 omwe sankadwala, otengedwa m'makomo mwawo. Mwa iwo, 16 adapezeka ndi zinazake zachilendo muubongo. Izi zikutanthauza kuti si chilichonse chooneka pachithunzi chomwe chili gwero la matenda omwe munthu wabwera nawo.

Zomwe zidafunika 1.5 tesla ya ku Lusaka

Makina a ku Blantyre adaonetsa kuti ubongo umatupa, koma sadathe kuonetsa bwino chomwe chimautupitsa. Pamafunika njira yojambulira yotchedwa SWI, yomwe imazindikira timadontho ta magazi otayikira muubongo komanso zinyalala zokhala ndi ayironi zomwe tizilombo ta malungo timasiya m'maselo ofiira a magazi. Ayironi amapotoza mphamvu ya maginito pamalo pomwe ali, ndipo kupotokako kumakula maginito akakhala amphamvu. Pa 0.35 tesla kumakhala kochepa moti sikuoneka bwino.

N'chifukwa chake akatswiri a gulu lomweli, motsogozedwa ndi Dr Michael Potchen, adajambula ana 16 odwala malungo a muubongo pa makina a 1.5 tesla mumzinda wa Lusaka ku Zambia. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2018, zidaonetsa zizindikiro za timadontho ta magazi ndi za tizilombo tounjikana m'timitsempha ta m'chigawo choyera cha ubongo, pamalo omwewo pomwe padaoneka zizindikiro zoti magazi adzadza m'mitsempha osayenda bwino. Mankhwala a gadolinium omwe adawabaya kuti aone ngati mitsempha ikudontha sadaoneke akutayikira muubongo. Ana onse 16 adapulumuka.

Matenda adali amodzi, koma mafunso adali awiri. Loti kodi ubongo watupa lidayankhidwa ku Blantyre, pomwe loti kodi m'timitsempha mukuchitika chiyani lidafunika maginito amphamvu kupitirira kanayi.

Makina ofika pabedi

Makina a Swoop amalemera pafupifupi makilogalamu 630, amalumikizidwa pa soketi wamba ya magetsi ndipo amayendetsedwa ndi tabuleti. Safuna helium kapena chipinda chokutidwa ndi mkuwa, chifukwa ali ndi njira yawoyawo yochotsera msokonezo wochokera kunja. Mphamvu ya maginito awo imathera pafupi, kotero mayi angathe kukhala pambali atagwira dzanja la mwana wake. Mu 2022, Dr Karen Chetcuti ndi anzake adalemba m'magazini ya American Journal of Neuroradiology momwe adakhazikitsira makinawa pa Gulupu, ndipo adati aka kadali koyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Malawi ali m'gulu la maiko omwe ali mu ntchito ya UNITY, yothandizidwa ndi bungwe la Gates Foundation, yomwe ikugwiritsa ntchito makina otere potsatira kakulidwe ka ubongo wa ana aang'ono.

Malire a makinawa adayezedwa powayerekeza ndi makina aakulu pa odwala omwewo. Pasukulu ya ukachenjede ya Yale ku America, kafukufuku wa mu 2021 adapeza kuti mwa zithunzi 56 za anthu omwe magazi adatayikiradi muubongo, makinawa adaonetsa magaziwo pa 45, kutanthauza kuti pa 11 sadaoneke. Kafukufuku wina wa mu 2022 adapeza kuti mwa odwala 50 a sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, makinawa adaonetsa malo owonongeka mwa 45. Pasukulu ya Pennsylvania adayerekeza zipsera za matenda a multiple sclerosis: kachipsera kochepetsetsa kooneka pa 0.064 tesla kadali ka mamilimita pafupifupi 6, pomwe pa 3 tesla kadali ka mamilimita pafupifupi 2.

Ndiye kuti makina ang'onowa akaonetsa vuto, kawirikawiri vutolo limakhalapodi. Koma akapanda kuonetsa kanthu, si umboni wokwanira woti muubongo mulibe kalikonse. Mphamvu yawo ili pa zinthu zikuluzikulu: madzi odzadza m'mutu mwa khanda, kutupa, chotupa chachikulu, thumba la mafinya kapena ubongo wokankhidwira mbali imodzi. Kwa mwana yemwe akupumira makina, yemwe kumusuntha kungaike moyo wake pachiswe, chithunzi chotere chopezeka pabedi chimaposa chithunzi chokongola chomwe sangachifikire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pomwe mphamvu yambiri imadzetsa mavuto

Kupotoka kwa maginito komwe kumathandiza kuona timadontho ta magazi n'komwenso kumaononga chithunzi pamalo pomwe mnofu wakumana ndi mpweya, fupa kapena chitsulo. Pa 3 tesla, zigawo za ubongo za pamwamba pa mphuno ndi za pafupi ndi makutu zimapindika kapena kuda pa njira zina zojambulira. Waya wa m'mano kapena kachitsulo ka pakapaipi kochotsa madzi m'mutu zimapanga chimthunzi chachikulu kuposa pa 1.5 tesla. Munthu wokhala ndi zitsulo zotere nthawi zina amajambulika bwino pa makina ofooka.

Mafunde a wailesi amatenthetsanso thupi pang'ono, ndipo kutenthako kumakwera msanga: maginito akawirikiza kawiri, mphamvu yolowa m'thupi imawirikiza pafupifupi kanayi ngati njira yojambulira siinasinthidwe. Makina amadziletsa okha kuti asapyole muyezo wovomerezeka, zomwe nthawi zina zimachedwetsa ntchito. Pa 7 tesla mafunde samwazika mofanana m'mutu monse, kotero pakati pa ubongo pamawala, m'munsi n'kuda. Makina aakulu amasokosanso kwambiri, kupitirira madesibelo 100, moti wodwala amayenera kutsekedwa m'makutu.

Vuto lina ndi la kasamalidwe. Maginito ozizira ndi helium amadalira makina oziziritsa omwe amagwira usana ndi usiku. Magetsi akamathimathima popanda jenereta yodalirika, helium imaphwera mumlengalenga, ndipo kuibwezeretsa kumafuna ndalama zakunja ndi amisiri ochokera kunja. Makina a 3 tesla omwe aima miyezi ingapo podikira chipangizo sathandiza wodwala aliyense.

Momwe kuyerekeza kwachilungamo kumachitikira

Kuika zithunzi ziwiri za anthu osiyana pambali n'kunena kuti ichi chaposa ichi si kuyerekeza. Akatswiri amatsata njira zitatu. Yoyamba ndi kujambula chidebe chopangidwa mwapadera, chodzadza madzi a mankhwala ndi timizere todziwika kukula kwake, pa makina onse omwe akuyerekezedwa, kuti aone msokonezo, kupindika ndi kachinthu kochepetsetsa kooneka. Yachiwiri ndi kujambula anthu omwewo pa makina onse m'masiku oyandikana. Yachitatu ndi kupereka zithunzi kwa owerenga awiri kapena atatu omwe sakudziwa zomwe makina enawo adaonetsa, kenaka n'kuwerengera kuti agwirizana kangati.

Kusamala kotereku n'kofunika makamaka poyeza kukula kwa zigawo za ubongo. Pulogalamu ya kompyuta imodzi ingapereke manambala osiyana pa mutu umodzi chifukwa malire a chigawo chotuwa ndi choyera saoneka mofanana pa makina awiri. Wofufuza amene angayerekeze ana ojambulidwa pa 0.064 tesla ku Blantyre ndi ana ojambulidwa pa 3 tesla ku Cape Town popanda kukonza kusiyanaku angaganize kuti wapeza kusiyana kwa ana, chonsecho wapeza kusiyana kwa makina.

Masiku ano pali mapulogalamu a nzeru za kompyuta omwe amaphunzitsidwa ndi zithunzi za makina amphamvu kuti aziwongola zithunzi za makina ofooka. Amathandiza poyeza kukula kwa zigawo za ubongo, koma sangabweze chomwe makina sadatole. Amadzaza mipata potengera zomwe adaona m'mitu ya anthu ena, kotero angathe kufafaniza kabala kenikeni kapena kuonetsa chomwe palibe. N'chifukwa chake wowerenga zithunzi amayenera kuona chithunzi choyambirira.

Matenda ndi makina oyenera

Pa madzi odzadza m'mutu mwa mwana komanso pa kutupa kwa ubongo, makina a mphamvu yochepa amakwanira nthawi zambiri, ndipo ali ndi ubwino woti mwana angajambulidwe kangapo popanda kuwala kwa X-ray.

Pa sitiroko, funso loyamba ndi loti kodi mtsempha waphulika kapena watsekeka, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana. Makina a CT amayankha funsoli m'mphindi zochepa. MRI ya 1.5 tesla imaonetsa msanga malo omwe magazi asiya kufika, ngakhale ang'onoang'ono a kutsinde la ubongo omwe makina ofooka angawaphonye.

Pa khunyu yosamva mankhwala, madotolo amafunafuna kachipsera kapena kachigawo komwe sikadaumbike bwino mwana ali m'mimba. Apa 3 tesla imaposa 1.5 tesla, ndipo makina ofooka sangadaliridwe.

Pa zotupa zazing'ono, timabala ta TB ya muubongo ndi matenda ena olowa muubongo chitetezo cha m'thupi chikatsika, pamafunika 1.5 tesla kapena kuposerapo, kawirikawiri pamodzi ndi mankhwala a gadolinium, omwe amawala bwino pa maginito amphamvu.

Zoyenera kudziwa wodwala ndi abale

Musanapereke ndalama kapena kuyamba ulendo wokajambulitsa kwina, funsani dotolo funso lomwe akufuna kuti chithunzicho chiyankhe, komanso ngati makina a komwe mukupitako angaliyankhe. Nambala yaikulu ya tesla payokha si chifukwa chokwanira choonongera ndalama zambiri, koma pali matenda omwe makina ofooka sangawaone.

Sungani lipoti ndi disiki ya zithunzi zonse zakale, ndipo muzipita nazo paliponse pomwe mukukajambulidwanso. Lipoti labwino limatchula mphamvu ya makina omwe adagwiritsidwa ntchito. Ngati cholinga n'kuona momwe chotupa kapena chipsera chikusinthira, ndi bwino kubwerera pa makina omwe aja. Izi zikalephereka, wowerenga zithunzi auzidwe kuti makina asintha, chifukwa timadontho tooneka koyamba pa makina amphamvu tingakhale kuti tidalipo kale, osati kuti matenda akula.

Uzani ojambula za chitsulo chilichonse cha m'thupi: kachipangizo kothandiza mtima kugunda, timapanda ta pamitsempha ya muubongo, kapaipi ka m'mutu, chipolopolo, kapena tizidutswa ta chitsulo m'maso, zomwe zimachitikira amisiri owotcherera ndi osula zitsulo. Chipangizo chololedwa pa 1.5 tesla sichikhala chololedwa pa 3 tesla nthawi zonse. Mapaipi ena a m'mutu amafunika kuwaunikanso munthu akatuluka m'makina, chifukwa maginito amatha kusintha kayendedwe ka madzi. Mayi woyembekezera komanso munthu wa vuto la impso anene msanga asanabayidwe mankhwala a gadolinium.

Kumbukirani kuti maginito a makina aakulu sazima ngakhale pomwe palibe amene akujambulidwa. Makiyi, ndalama zachitsulo, lamya, mapini a m'tsitsi, njinga ya olumala ndi botolo la mpweya wa okosijeni zimakokedwa mwamphamvu moti zingavulaze munthu. Zonsezi zizitsala kunja kwa chipinda.

Pomaliza, chithunzi chomwe chatuluka chopanda vuto sichithetsa nkhani ngati wodwala akupitirira kukomoka, kumva mutu wosaleka, kufooka mbali imodzi kapena kusokonekera nzeru. Bwererani kwa dotolo ndi lipotilo, ndipo mufunse ngati pakufunika kujambulanso pa makina ena kapena kuyeza mwa njira ina, monga kuunika madzi a pamsana.